Otchona ndi otsala: mkangano wa mpira umene unayamba tisanabadwe

Loweruka lapitali ndinali pa Migowi, mu vidiyo sho ina kuseri kwa msika. Mpira wa ku England unali pakati pa chigawo chachiwiri pamene jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Mwini wake anatuluka ndi chigubu kukasaka mafuta. Ife tinatsala mumdima, thukuta lili kamukamu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzuka kuti azipita. Mukudziwa kale zochitika malo otere: mpira ukazima pa sikirini umayaka pakamwa.

Zinayamba ndi za Arsenal ndi Manchester United, uyu wagula ndani, uyu waononga ndalama pa ndani. Posakhalitsa nkhani inakhota n'kufika kwathu. Mkulu wina wa kabaza, wa Maule kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndiye anayatsa moto.

"Kochi wa Flames ndikanakhala ine, akunjawa sindikanawaitana. Munthu akukhalira benchi ku Joni miyezi itatu, ndiye abwere kuno adzalande malo a mwana amene akuchinya sabata ndi sabata pa Kamuzu Stadium? Za ziii!"

"Aaa, achimwene musatinamize," anayankha wina wa jezi ya buluu. "Benchi ya ku Joni ndi ligi yathuyi, chapamwamba n'chiti? Uja akudya bwino, akuphunzira ndi madolo. Wanuyo akumwa thobwa n'kukwera minibasi kupita ku gemu."

Wachitatu, amene sindinamuone nkhope, anayankhulira kumbuyo. "Nonse mukuphonya. Vuto n'lakuti timasewera mwamantha. Sitiraika mmodzi kutsogolo ngati mlonda wa pasitolo. Ikani awiri, tikafa tife tikumenya."

Pambali panga panali mphwanga, wa zaka 19, amene amavala nambala 9 mu timu ya m'dera lathu. Masiku onse pa mikangano yotere iye ndiye amakuwa kuposa aliyense. Tsiku limeneli anangoti phee. Ndinadziwa chifukwa chake. Pali munthu wina amene wamulonjeza kuti akhoza kumupezera mwayi wokayesedwa ku timu ina ku South Africa, bola apereke ndalama ya ulendo ndi ya "mapepala". Ndalamayo ndi yofanana ndi imene mayi apeza atagulitsa nandolo yense wa chaka chino.

Ndiye pamene ena ankakangana za mndandanda wa kochi, ife awiri tinkamva nkhani ya pakhomo pathu. Ndipo ndikamaganiza bwino, mkangano wa "akunja kapena akuno" sunayambe ndi Facebook ayi. Ndi wakale kuposa aliyense amene anali mu vidiyo sho muja, ndipo mizu yake ili pa funso limene anthu a kuno ku Phalombe akhala akudzifunsa kwa zaka zoposa 100: kuti munthu aoneke kuti wachita bwino, achoke kapena akhale?

Wailesi ya ku Theba

Ambiri a ife Alomwe a kuno makolo athu anachokera kutsidya, ku Mozambique, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Ena anakathera m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ana awo ndi zidzukulu zawo, nawo anapitiriza ulendo, ulendo uno wa kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inkatchedwa Theba. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Agogo anga, bambo awo a mayi, anali mmodzi wa iwo.

Mu Epulo 1974 ndege imene inanyamula anthu obwerera kumudzi kuchokera kumigodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafa. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu a Wenela. Agogo anabwerera kuno ndi zinthu zitatu zimene ankazitchula mpaka imfa yawo: njinga, sutikesi ndi wailesi. Anzawo ena sanabwerere konse. Anakwatira konko n'kuiwala njira. Amenewo ndi amene timawatcha matchona.

Pa wailesi imeneyo ndi pamene mudzi wonse unamvera mpira wa 1978. Chaka chimenecho Malawi inachititsa mpikisano wa East and Central Africa Senior Challenge Cup, ndipo mu ndime yomaliza inagonjetsa Zambia 3-2. Chaka chotsatira, 1979, anyamata anakateteza chikhocho ku Kenya, kugonjetsa eni bwalo 3-2. Mphunzitsi anali mzungu wa ku England, Ted Powell. Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, kumbukirani kuti mu 1962, zaka 16 zokha m'mbuyo mwake, timu ya dziko lino inali itathibulidwa 12-0 ndi Ghana.

Timu ya nthawi imeneyo inali ya anyamata osewera konkuno. Kinnah Phiri anali wa Bata Bullets, Jack Chamangwana wa Wanderers. Matimu ankadziwika ndi makampani amene ankawathandiza: Bata, Limbe Leaf, ADMARC, Hardware, Reserve Bank. Osewera ambiri m'mawa ankapita kuntchito, madzulo kubwalo. Kinnah anamwetsa zigoli 71 atavala jezi ya dziko, ndipo mpaka lero palibe amene wafikapo.

Agogo ankati nthawi imeneyo mkangano wa pansi pa mtengo wa mango unali umodzi basi: mu timu ya dziko mwachuluka a Bullets kapena a Wanderers? Mkangano umenewonso uli ndi mbiri yake, pakuti Bullets inabadwa mu 1967 kuchokera kwa osewera amene anapatuka ku Wanderers. Tinganene kuti kusamuka kwa osewera kumene kunagwedeza dziko lino koyamba kunali kwa mumzinda umodzi womwewo wa Blantyre. Za "akunja" kunalibe, chifukwa kunja kunalibe aliyense woti n'kumuitana.

Mu 1984 Malawi inapita koyamba ku Africa Cup of Nations, ku Ivory Coast, mphunzitsi ali Danny McLennan wa ku Scotland. Mumzinda wa Bouaké tinagonja 3-0 kwa Algeria, tinalepherana 2-2 ndi Nigeria, kenako tinagonja 1-0 kwa Ghana. Zigoli zitatu za Algeria zija muzisunge, tizipezanso kutsogoloku. Mu 1987 tinatenga mendulo ya malo achitatu pa All-Africa Games ku Nairobi, ndipo mu 1988 chikho cha East and Central chinabweranso kunyumba kachitatu.

Kupita mozemba

Koma pamene zikho zinkabwera, osewera anali atayamba kutuluka. Apa pali chinthu chimene chimandidabwitsa nthawi zonse ndikamawerenga mbiri ya nthawi imeneyo. Kuyambira 1967, boma la Malawi linali pa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, pamene maiko ena a mu Africa ankalisala. Mu 1977 kulemba anthu a kumigodi kunayambiranso. Munthu wokakumba golide ankapita poyera, ndi chidindo cha boma. Koma wosewera mpira sakanatha kutero, chifukwa bungwe la FIFA linali litachotsa South Africa mu 1976, ndipo aliyense wokasewera kumeneko ankadziika pa chiopsezo choletsedwa mpira kwina kulikonse.

Komabe anapita. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi Ernest Mtawali, amene anakasewera ku Bloemfontein Celtic ndi dzina loti Ernest Chirwali. Mu 1985 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dziko limenelo. Taganizani: Mmalawi akulamulira pakati pa bwalo mu ligi ya eni ake, manyuzipepala akumutama, koma ndi dzina lobwereka, ndipo kwawo sangavale jezi ya Flames. Pambuyo pake anasewera ku Mamelodi Sundowns, anafika ku Argentina ndi ku Toulouse ya ku France. Jack Chamangwana naye anapita ku Kaizer Chiefs, kumene anadzakhalanso mphunzitsi. Kinnah Phiri anathera masiku ake osewera ku Swaziland, imene lero ndi Eswatini, ku timu ya Manzini Wanderers.

Malume anga, amene anali mnyamata m'zaka zimenezo, amati mkangano unasintha nkhope. Ena ankati opitawo ndi othawa, atisiya pa dzuwa. Ena ankati, kodi mwana wa munthu azidya kuwomba m'manja kwanu? Mawu omwewo ndi amene ankanenedwa za amuna opita ku Theba. Akatumiza bulangete ndi ndalama ya malata, ndi ngwazi. Akakhala chete zaka ziwiri, ndi mtchona.

South Africa itabwezeretsedwa mu FIFA mu 1992, khomo linatseguka poyera. Njira ya kumigodi inali itatsekeka mu 1988, koma ya mpira ndiye inakula. John Maduka anadzera ku Zimbabwe n'kukakhazikika ku South Africa. Patrick Mabedi anachoka ku Bullets n'kukafika povala lamba wa kaputeni ku Kaizer Chiefs. Esau Kanyenda anadzera ku Jomo Cosmos n'kukafika ku Russia, ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow. Joseph Kamwendo anasankhidwa wosewera wa chaka ku Zimbabwe mu 2005 ali ku CAPS United, asanapite ku Orlando Pirates. Kuyambira pamenepo kochi aliyense wa Flames wakhala ndi mitu iwiri ya mndandanda: obwera pa ndege ndi obwera pa basi. Ndipo ife ochemerera takhala ndi chokangana chosatha.

Luanda, 2010

Mpira woyamba wa Flames umene ndimaukumbukira bwinobwino ndi wa mu Juni 2008, pamene Chiukepo Msowoya anachinya Egypt, akatswiri a Africa panthawiyo, m'mphindi zoonjezera pa Kamuzu Stadium. Tinamvera pa wailesi, ndipo chigoli chitalowa malume anaponda mbale ya ndiwo. Mu Okutobala 2009 tinalepherana 1-1 ndi Ivory Coast pa bwalo lomwelo, mpaka anachita kulowetsa Didier Drogba kuchokera pa benchi kuti adzabweze chigoli. Mphunzitsi anali Kinnah Phiri yemwe uja, atabwerera kwawo. Ndi iyenso amene mu 2004 anafikitsa Bakili Bullets mu ndime ya magulu ya CAF Champions League.

Kenako linafika tsiku la 11 Januwale 2010, ku Luanda, m'dziko la Angola. Ndinali ndi zaka 12. Tinakwera njinga atatu kupita pa Phalombe boma kukaonera pa TV, ine ndili pa chitsulo cha kutsogolo. Algeria inali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Anthu ambiri m'chipindamo ankangopempha kuti zigoli zisapitirire zitatu.

Zinakwanadi zitatu, koma zolowera mbali inayo. Patatha zaka 26 chichitikireni za ku Bouaké, tinabweza ngongole yonse mosatsala ndi tambala yomwe: Malawi 3, Algeria 0.

Tsopano taonani amene anamwetsa. Choyamba, Russell Mwafulirwa, amene ankasewera ku IFK Norrköping ya ku Sweden. Chachiwiri, Elvis Kafoteka, wa timu ya ESCOM ya konkuno. Chachitatu, Davi Banda, wa Red Lions ya ku Zomba, kungodumpha chigwa cha Chilwa kuchokera kwathu kuno. Chimodzi cha wobwera pa ndege, ziwiri za obwera pa basi. Mkulu wa kabaza uja akanamva izi akanati, "Mwaona!" Koma wa jezi ya buluu naye akanamufunsa kuti kodi amene ankasautsa otchinga kumbuyo a Algeria mpaka kusokonezeka mitu anali ndani, si Kanyenda wa ku Russia? Nanga ankagawa mipira pakati, si Kamwendo wa ku Pirates? Nanga kaputeni Peter Mponda sankasewera ku South Africa? Gemu yokoma kwambiri m'mbiri yathu imakana kuikira kumbuyo mbali imodzi.

Wachitatu uja, wa "tife tikumenya", naye ali ndi gawo lake mu nkhaniyi. Kinnah, poti mwini wake anali womwetsa zigoli, sankakonda kubisala. Timu yake inkapita kutsogolo. Ndi mtima umenewo umene unagwetsa Algeria. Koma masiku otsatira tinagonja 2-0 kwa Angola, ndipo pokumana ndi Mali tinali titamwa kale ziwiri mphindi zisanu zisanakwane, za Frédéric Kanouté ndi Seydou Keita. Zinatha 3-1, n'kubwerako. Algeria imene tinaiswa ija inapitirira mpaka ndime ya matimu anayi. Walira mvula walira matope. Ndimakumbukira kuti pobwerera kunyumba usiku umenewo akuluakulu ankakangana njira yonse, ena akuti tikanatseka kumbuyo, ena akuti kutseka kumbuyo ndi kumene sitidziwa.

Cameroon, 2022

Tinadikira zaka zina 12. Mpikisano wa 2021 unachitika mu Januwale 2022 ku Cameroon chifukwa cha Covid-19. Apa ambiri a inu munaonera nokha, ena pa foni, bandulo ikutha chigoli chili m'njira.

Timu inapita m'manja mwa Mario Marinica wa ku Romania, koma iye atapezeka ndi Covid, Meck Mwase, amene anaipititsa timuyi kumpikisanowu, ndiye anakhala pa mzere m'magemu oyamba. Marinica anabwera ndi chiphunzitso chake cha mpira wothamanga, ndi wothamanga kwambiri: ukalanda mpira usachedwe nawo, uponye kutsogolo msanga, anyamata aliwiro authamangire. Izi zinagawa anthu pakati. Ena ankati mpira wa Chimalawi ndi wapansi, wopatsirana, wonyenya, ndipo mzunguyu akutisandutsa othamanga mjaho. Ena ankati kunyenyako kwatipatsa chiyani zaka zonsezi?

Panalinso nkhani ya Gabadinho Mhango. Anachoka ku Bullets mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic, timu yomwe ija ya Mtawali. Anatenga ligi ndi Bidvest Wits, ndipo mu 2019/20, ali ku Orlando Pirates, anamwetsa zigoli 16 n'kugawana mphoto ya womwetsa zambiri ndi Peter Shalulile wa ku Namibia. Koma pofika nthawi ya ku Cameroon, ku Pirates ankangokhalira benchi. Ndiye munthu weniweni amene mkulu wa kabaza uja akanamusiya kunyumba.

Tinagonja 1-0 kwa Guinea. Pokumana ndi Zimbabwe ku Bafoussam tinayamba kumwa, kenako Gaba anachinya ziwiri, 2-1. Ndi Senegal ya Sadio Mané, imene inadzatenga chikhocho, tinalepherana 0-0, ndipo woimbira anatipatsa penate n'kuilandanso ataonera pa VAR, nkhani imene mpaka lero ikaiyambitsidwa mu minibasi sitha. Pagolo tsiku limenelo panali Charles Thom, mnyamata wa mu ligi yathu yomwe ino. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri, Malawi inadutsa ndime ya magulu.

Pa 25 Januwale ku Yaoundé, mphindi ya 7, Gaba anaona goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, atasuntha pang'ono pagolo, n'kumasula chimpira kuchokera pa mtunda wa mamita oposa 30. Kuno kwathu anthu anatuluka m'nyumba ndi mapoto. Kenako tinabwerera kumbuyo tonse, Thom akugwira zogwira, mpaka Youssef En-Nesyri anabweza chigawo choyamba chikutha, ndipo Achraf Hakimi anamaliza nkhani ndi firikiki. 2-1. Mu Disembala chaka chomwecho Morocco yomweyo inafika mu ndime ya matimu anayi a World Cup.

Ndiye tinene kuti anakhoza ndani? Zigoli zathu zonse zitatu za ku Cameroon anamwetsa munthu wa pa benchi ya ku Joni. Amene anatisunga mu gemu ziwiri zovuta kwambiri anali goloboyi wa konkuno. Mu 2010 tinamenya n'kufa msanga. Mu 2022 tinatseka, kumenya mobera, n'kufika patali kuposa kale lonse. Koma mpira wothamanga womwewo sunatipititse kumpikisano wotsatira, ndipo mu 2023, titagonja kawiri kwa Egypt, Marinica anachoka. Aliyense mu vidiyo sho muja ali ndi chaka chimene angaloze kuti chimuikire umboni, ndi chaka china chimene angakonde kuti tisachitchule.

Zimene sitikangana

Chimene ndaona n'chakuti timakangana kwambiri za anthu 11 amene kochi wasankha, koma za kumene anthuwo amachokera timangoti zii. Pitani pa bwalo lililonse la sukulu ya pulayimale kuno, ku Chiringa, ku Nambazo, ku Chitekesa. Nthaka yake ndi yokumbika, dzinja matope, chilimwe fumbi, pakati padutsa njira ya njinga. Mwana amayamba ndi mpira wa chikulunga, opanda nsapato. Pa bwalo lotere mpira wapansi sumvera munthu. Ukati upatsire mnzako umakadumpha pa chulu n'kupita kwa mdani. Ndiye mwana amaphunzira zinthu ziwiri: kunyenya yekha, kapena kuumenya m'mwamba kuti wakutsogolo athamangire. Tikamakangana kuti Flames izisewera wapansi kapena wam'mwamba, yankho linaperekedwa kale ndi mabwalo amene anawo anakulirapo. Mphwanga amathamanga ngati gwape ndipo mwendo wake wamanzere ndi woopsa, koma sanaphunzitsidwepo ndi kochi wa mapepala ngakhale tsiku limodzi. Mipikisano yambiri imene wasewera ndi ya mabonanza, imene imachuluka chisankho chikayandikira n'kuzimiririka mavoti akawerengedwa. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, bwalo la timu yawo linasanduka mchenga ndi miyala, ndipo anakonza okha ndi makasu.

Sitikangananso za chifukwa chimene aliyense wodziwa mpira amafunira kuchoka. Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe ali mphunzitsi, Silver Strikers n'kudzailanda mu 2024. Matimu akuluakulu ngati amenewa amalipira ndithu. Koma pansi pawo pali anyamata mazanamazana amene mpira suwagulira ngakhale sopo. Kuuza munthu wotere kuti akhale chifukwa chokonda dziko ndi chipongwe.

Ndipo tikamakangana za "akunja", nthawi zambiri timaiwala kuti Amalawi amene afika patali kwambiri pa mpira ndi akazi awiri apachibale a ku Rumphi. Tabitha Chawinga anadzera ku Sweden ndi ku China, anakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya Italy ali ku Inter Milan mu 2022/23, n'kupita ku Paris Saint-Germain kenako Lyon. Mng'ono wake Temwa, mu 2024, anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current n'kusankhidwa wosewera wopambana mu ligi ya ku America. Mu 2023 Scorchers inatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2-1, Temwa ali momwemo. Akanakhala kuti sanachoke, bwenzi dziko likuwadziwa? Koma akanakhala kuti sanayambire pa mabwalo a fumbi a konkuno, bwenzi ndani anawaona? Mu vidiyo sho muja maina awowa sanatchulidwe n'kamodzi komwe, ndipo munalibe mkazi ngakhale mmodzi.

Ndalama ya nandolo

Jenereta inalira patatha mphindi 20. Mpira unali utatsala pang'ono kutha, ndipo mkangano unafera pomwepo popanda wopambana, monga mwa masiku onse. Pobwerera, mphwanga ankapalasa, ine ndili pa kaliyala, phiri la Michesi likuda kutsogolo kwathu.

"Achimwene, inu mwapita kusukulu. Ndipite kapena ndisapite?"

Ndinalibe yankho la mawu amodzi. Ndinamuuza zimene ndikudziwa. Kuti wosewera sasamuka dziko ndi dziko pa mawu apakamwa: pamafunika chikalata chotchedwa International Transfer Certificate, chimene chimadutsa ku bungwe la mpira la dziko, kwathu kuno FAM. Kuti wogulitsa osewera weniweni amakhala ndi chiphaso, ndipo sakwiya ukamufunsa kuti akuonetse. Kuti timu ikafuna kukuyesa imalemba kalata yokhala ndi dzina lako, masiku ake ndi kumene ukagone. Munthu wathuyu sanatchule ngakhale dzina la timu. Akangofunsidwa amati, "Mukaona konko."

Ndinamuuzanso kuti pa maina onse amene ndatchula muno, sindikuona amene anadumpha kuchoka pa bwalo la kumudzi n'kukatera ku Joni. Kinnah, Mabedi ndi Gaba anayamba aoneka ku Bullets. Mtawali ndi Chamangwana anali atadziwika kale kuno asanawoloke. Njira imene inagwira ntchito inali ya makwerero: timu ya m'dera, ligi ya m'chigawo, Super League, kenako kunja. Ndi yochedwa, ndipo ambiri amathera panjira. Koma ya chidule ija ndi imene yadzaza Johannesburg ndi Cape Town ndi anyamata athu amene anapita ndi nsapato za mpira m'chikwama, lero akutsuka magalimoto opanda mapepala, akuchita manyazi kuimba foni kumudzi. Matchona a masiku ano.

Anakhala chete mpaka tinawoloka mlatho. Kenako anati, "Nanga agogo aja sanapite? Wailesi ija akanaipeza kuno?"

Pamenepo anandigwira pakamwa. Anapitadi, ndipo nyumba ya malata imene tinakuliramo inachokera kumeneko. Ndinangomukumbutsa kuti agogo anapita ndi kontirakiti m'manja, akudziwa mgodi umene akupita ndi mwezi wobwerera, ndipo ngakhale zinali choncho, ena mwa anthu a m'badwo wawo anathera ku Francistown.

Tagwirizana chinthu chimodzi. Ndalama ya nandolo ikhala kaye kwa mayi. Munthu uja tamuuza kuti abweretse kalata ya timu ndi chiphaso chake, ndipo tikazitengera limodzi ku maofesi a FAM ku Chiwembe kuti akazione. Padutsa masiku asanu, sanayankhe. Pakali pano mphwanga wamva kuti timu ina ya mu ligi ya chigawo cha kummwera iyesa anyamata mwezi wamawa ku Blantyre. Thiransipoti yake ndalonjeza kuti ndilipira ine, ngakhale ganyu imene ndikugwira panopa ndi ya miyezi itatu yokha.

Mwina sadzafika kulikonse. Mwina tsiku lina dzina lake lidzatuluka pa mndandanda wa kochi, ndipo mu vidiyo sho ya pa Migowi wina adzaimirira n'kunena kuti mwanayu sakuyenera, pali wina wabwino amene wasiyidwa. Ndikadzakhalapo sindidzamuyankha. Ndidzamugulira chimanga chootcha, tipitirize kukangana.

Loweruka likubwerali ali ndi gemu pa bwalo la kusukulu, 3 koloko. Akuti kochi wawo wavomera kuika masitiraika awiri.